Diso la mphaka wanga likungodwaladwala, alipo angaliyeze bwinobwino?

NaMwale, Chankhanga:
Mwaswera bwanji makolo ndi abale nonse. Ndikudziwa kuti pano timakonda kukamba za nkhuku, mbuzi ndi mitengo ya soya, koma lero ndabwera ndi vuto la mphaka. Mphaka wanga Mawanga diso lakumanzere lakhala likumuvuta chikololereni chimanga. Limayamba ndi misozi, kenaka manthongo achikasu, m'mawa n'kudzuka zikope zitamatana. Ndikamupaka tetracycline wa m'kachubu uja limakhala ngati lapola, koma posakhalitsa layambiranso. Pano sakulitsegula n'komwe. Akatuluka padzuwa amalitsinzina n'kumalikanda ndi phazi, ndipo dzulo nditamugwira n'kulitsegula pang'ono ndinaona pakati pachita mbuu. Amayetsemulanso apo ndi apo. Kudya akudya, koma osati monga kale. Ndi iyeyu amene amandilondera matumba kusitolo, ndipo ana anamuzolowera kwambiri. Kodi kuno ku Kasungu alipo amene angaliyeze disoli ndi zida, kapena mpaka ku Lilongwe? Chithunzi ndi icho ndaponyacho.

Bambo a Chisomo, Santhe:
Pepani mayi. Koma ndinene mosabisa, ndalama ya ulendo wa ku Lilongwe kupita ndi kubwera, kuphatikiza ya dokotala, imeneyo ndi ya feteleza. Amphaka kuno amangopatsana ulere. Bwerani ku Santhe ndidzakupatseni kamwana, wathu waswa kumene.

Agogo aNaBanda, Mtunthama:
Mdzukulu wanga, ife kale diso likafiira tinkadonthezamo mkaka wa m'mawere kapena madzi a shuga. Ngati pali mayi woyamwitsa pafupi tayesani kaye zimenezo.

Mwini Ng'ombe, Chamama:
Ine ng'ombe zikayamba misozi ndimapopera sipule ya pepo ija ya pazilonda, zimachira. Yesani pang'ono chabe.

aPhiri Alangizi, Chulu:
Zikomo nonse, koma ndiloleni ndilowererepo msanga mayiwa asanayese chilichonse. Agogo, ndikukulemekezani, koma diso limene laonekera pachithunzipa silofunika mkaka kapena shuga. Pakakhala chilonda, zimenezo zimangodyetsa tizilombo. Inunso achimwene a ku Chamama, sipule ija anaipangira zilonda za pakhungu ndi zapaziboda, si ya m'maso, ndipo pa mphaka ndiye ayi ndithu, chifukwa mphaka amadzinyambita thupi lonse, chimene mwamupopera amameza.

Ndagwira ntchito ya ulangizi wa ziweto mpaka kupuma, ndipo chimene ndingakuuzeni aNaMwale n'chakuti diso lochita mbuu pakati, lotsinzina, loopa kuwala, limakhala kuti likupweteka kwambiri, ndipo kawirikawiri pamwamba pake pali chilonda. Chilondacho ndi maso athuwa sitichiona bwino. Pitani kaye ku ofesi ya zaziweto pabomapo akamuone, sipatali ndi kwanu. Kungoti ife alangizi maphunziro athu ndi zida zathu zinatsamira ku ng'ombe, mbuzi, nkhumba ndi nkhuku. Akakuuzani kuti alibe choyezera diso, musadabwe, ndipo musazengereze kupitirira.

NaMwale, Chankhanga:
Zikomo aPhiri. Ndifunsenso. Lero m'mawa ndinadutsa pasitolo ina ya mankhwala, nditafotokoza anandipatsa kabotolo ka mankhwala odontheza m'maso, ati awa ndi amphamvu kuposa opaka aja, diso limayera tsiku lomwelo. Sindinatsegule, ndimati ndifunse kaye kuno. Pakabotolopo alembapo dexamethasone ndi neomycin.

Mphatso wa ku Bunda:
Amayi chonde musamudontheze amenewo. Ndine mwana wanu wa ku Nkhamenya, ndikuphunzira udokotala wa ziweto ku LUANAR, ndipo nkhani imeneyi amatibwerezera mobwerezabwereza m'kalasi. Dexamethasone ali m'gulu la ma steroid. Amachotsadi kufiira msanga, n'chifukwa chake anthu amati ndi amphamvu. Koma amalepheretsa chilonda kupola ndipo amafooketsa chitetezo cha disolo. Kachikopa koonekera kamene kali kutsogolo kwa diso, kamene timati cornea, kuchindikala kwake sikufika milimita imodzi. Pakakhala chilonda inu n'kuthirapo steroid, chilondacho chimatha kukumbika m'masiku owerengeka mpaka diso kuboola. Likaboola sipakhalanso kubweza. Chimodzimodzi alionse olembedwa betamethasone, prednisolone kapena hydrocortisone. Mankhwala amenewa ali ndi ntchito yake, koma dokotala amawapereka pokhapokha atayeza n'kutsimikiza kuti chilonda palibe.

aNaZulu Anamwino:
Mwanayu akunena zoona. Ngakhale kwa anthu n'chimodzimodzi. Timalandira odwala amene anagula okha timabotolo timeneti, diso n'kuyera masiku awiri, kenaka kubwera litaonongeka. Bwezani kabotoloko aNaMwale.

Chikondi wa pa Chinkhoma:
Nanga poti mwati likupweteka, sangamupatse theka la Panado kuti agoneko?

Mphatso wa ku Bunda:
Ayi achemwali, ngakhale kachibenthu. Paracetamol, amene ali mu Panado, ndi poizoni kwa mphaka. Chiwindi chake sichitha kumugaya monga chimachitira chathu, ndiye amaononga magazi: nkhama zimada, nkhope imatupa, amapuma movutikira, ndipo piritsi limodzi limatha kumupha. Brufen nayenso amamuononga impso. Mankhwala a ululu oyenera mphaka alipo, koma muyezo wake apereke dokotala.

aPhiri Alangizi, Chulu:
ANaMwale, tandiyankheni izi, chifukwa kulikonse kumene mupite adzakufunsani zomwezi. Mphakayu ndi wamphongo kapena wamkazi, ndipo amamenyana ndi anzake usiku? Amagona pati? Ngati amagona pamatumba a chimanga chothira mankhwala a anankafumbwe, mumuchotsepo, chifukwa fumbi lake limalowa m'maso, ndipo ena mwa mankhwala aufa amenewa ali ndi permethrin, yemwe mphaka sagwirizana naye ngakhale pang'ono. Pakhomo panu pali mpanda wa nkhadze? Utomoni wake ukagwa m'diso umaotcha koopsa. Palinso njoka ija yolavula, imene imakonda kubwera kumene kuli makoswe, ndipo mphaka akalimbana nayo imalunjika m'maso. Koma zimenezo zimabwera mwadzidzidzi, diso n'kutupa tsiku limodzi. Zanuzi zoti zimapita n'kubweranso zikundipatsa maganizo ena.

NaMwale, Chankhanga:
Ndi wamphongo, wosafula. Kumenyana ndiye amamenyana, makutu ake ali ndi zipsera. Amagonadi pamatumba, lero ndimuyalira kukhitchini. Nkhadze palibe. Koma mwandikumbutsa chinthu china: nditamutenga ali kamwana anali ndi chimfine chachikulu, maso onse awiri ali manthongo okhaokha, mamina ali chuu. Anachira yekha, ine n'kuiwalako. Ndipo ndikaganiza bwino, diso linayamba kuvuta titasamuka nyumba, kenaka linadzavutanso titabweretsa kamphaka kena kakakazi.

Mphatso wa ku Bunda:
Kukhitchini ngati mumaphikira nkhuni kapena makala ayi amayi, utsi umuonjezera. Chipinda chopanda fumbi, chamdima pang'ono.

Zimene mwakumbukirazo n'zofunika kwambiri, mukakazinene kwa dokotala momwemo. Sindingatchule matenda pachithunzi, koma ndifotokoze zimene zimachititsa diso la mphaka kudwala mobwerezabwereza chonchi.

Choyamba ndi vairasi yotchedwa feline herpesvirus, imene imabweretsa chimfine cha amphaka. Ambiri amaitenga ali aang'ono kwa mayi awo kapena kwa anzawo, kudzera m'mamina ndi m'misozi. Chimfinecho chimatha, koma pafupifupi amphaka 8 mwa 10 alionse amene anadwalapo amatsala nayo vairasiyo moyo wonse. Imakabisala mu mtsempha wa kumaso ngati khala lamoto m'phulusa. Mphaka akasokonezeka, monga kusamuka nyumba, kubwera kwa mphaka wina, kuswa, njala kapena matenda ena, imayakanso n'kubwerera m'diso, nthawi zambiri diso limodzi lomwelomwelo, n'kudya pamwamba pa cornea. Tsono tetracycline amapha mabakiteriya, vairasi saikhudza. Chimene munkaona ngati kupola n'chakuti mafinya a mabakiteriya ongolowerera aja ankatha, diso n'kufewa ndi mafuta a mankhwalawo, koma gwero lili pomwepo.

Chachiwiri ndi kachilombo kotchedwa Chlamydia felis. Aka kamatupitsa mnofu wofiira wa m'kati mwa zikope, kamayamba diso limodzi kenaka n'kulowa linalo. Kamamva tetracycline, koma wopaka yekha sakamaliza chifukwa kamakhalanso m'thupi. Kamafuna doxycycline wakumwa kwa milungu 4 osadukiza, ndipo amphaka onse a pakhomo amwe, apo ayi amangopatsirananso. Ambiri amasiya pa sabata imodzi poona kuti diso layera, n'chifukwa chake kamabwerera.

Chachitatu, diso likapweteka nthawi yaitali mphaka amalifinya mpaka chikope chimapindikira m'kati, ubweya n'kumakhula pa cornea nthawi iliyonse akaphethira. Pamenepo mungapake mankhwala a mtundu uliwonse, chilonda sichingapole ubweyawo ukukhulabe. Pena pamakhalanso kamunga ka udzu kapena kachitsotso kobisala kuseri kwa chikope chachitatu, kachikopa koyera kaja kamene kamatuluka pakona ya diso. Ndipo poti ndi wamphongo womenyana, dokotala angafune kuyeza magazi kuona FIV ndi FeLV, mavairasi amene amafooketsa chitetezo cha mphaka. FIV amapatsirana polumana.

Zonsezi kunja zimaoneka zofanana: misozi, manthongo, kutsinzina. Koma mankhwala ake ndi osiyana. N'chifukwa chake ndikuti asanalandire chubu china, disolo liyezedwe.

Chikondi wa pa Chinkhoma:
Iii FIV imeneyo ndiye ngati ya anthu ija? Nanga ana akusewera naye?

aNaZulu Anamwino:
Mtima pansi achemwali. FIV ndi ya amphaka okha, munthu siimugwira, ngakhalenso herpes ya amphakayo. Chofunika n'kusamba m'manja ndi sopo mukamaliza kumupukuta, ndipo ana asamugwire kumaso. Chimene ine ndikuopa ndi china. Mphaka amene akumva ululu amaluma ndi kukanda. ANaMwale, anabayitsa katemera wa chiwewe? Anthu amaganiza kuti chiwewe n'cha agalu okha, koma mphaka nayenso amadwala ndipo amapatsira. Akakulumani, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo.

NaMwale, Chankhanga:
Anabayitsa chaka chatha pamene ankabaya agalu, kakhadi ndili nako.

Bambo a Chisomo, Santhe:
Ndamva zonsezi ndipo ndaphunzirapo, makamaka za Panado. Koma funso langa silinayankhidwe. Tili m'nyengo yoti aliyense akusakasaka ya mbewu ndi feteleza. Munthu akadwala diso kumudzi kuno ambiri safika n'kuchipatala cha boma komwe chifukwa cha thiransipoti. Ndiye tinyamule mphaka mpaka ku Lilongwe? Sindikunyoza, ndikungofunsa ngati zili zoyenera.

NaMwale, Chankhanga:
Bambo a Chisomo, funso lanu ndi loona ndipo inenso landisowetsa tulo. Koma onani mbali yanga. Ndisanakhale ndi Mawanga, makoswe ankandiboolera matumba a mtedza ndi soya, chaka chilichonse ndinkataya katundu wooneka ndi maso. Mankhwala a makoswe ndinasiya chifukwa nkhuku za aneba zinkatola. Chibwerereni iyeyu sitolo ili zii. Wandigwirira ntchito zaka zonsezi osalipidwa. Lero akhale pakona akulira ndi diso, ine n'kungotenga wina? Mtima wanga sukulola. Komanso ndikaphatikiza ndalama zimene zapita kumachubu ndi timabotolo chiyambireni, sizikusiyana kwenikweni ndi ulendo umodzi woti akamuone wodziwa.

aPhiri Alangizi, Chulu:
Ndionjezerepo apa bambo. Kamwana kamene mukufuna kuwapatsako kakalowa m'nyumba imene muli mphaka woyetsemula, nako katenga. Ndiye m'malo mwa wodwala mmodzi akhala awiri. Koma mfundo yanu isatayidwe, chifukwa si onse pagulu pano angakwanitse ulendowu. Amene sangathe, chochita chilipo. Wiritsani theka la lita la madzi, thiranimo supuni yaing'ono imodzi ya mchere, adikireni azizire. Nyowetsani thonje kapena kansalu koyera, pukutani kuchokera kumphuno kupita kunja, diso lililonse thonje lakelake, kangapo patsiku. Musungeni m'nyumba, kutali ndi fumbi ndi utsi. Mupatseni chakudya chonunkhira monga usipa wofunditsa, chifukwa mphaka mphuno zikatsekeka samva fungo ndipo amasiya kudya. Alangizi a kwanuko akhoza kukupatsani mankhwala opaka opanda steroid. Zimenezi zimathandiza diso longofiira. Koma likachita mbuu, kapena likatupa kuposa linzake, kapena mukaona kadzenje kapena kadontho kakuda pakati, kapena papita sabata osasintha, pamenepo zapakhomo zalephera.

Make Yankho, Wimbe:
Ndilankhuleko ine amene zinandionekera. Wathu anayamba chimodzimodzi. Tinali kutali ndi thandizo, ndalama panalibe, tinkangopukuta. Tsiku lina m'mawa tinapeza diso laphulika, madzi akutsika patsaya, iye atabisala kunsi kwa bedi osafuna kukhudzidwa. Mlamu wanga ndi amene anamutengera ku Lilongwe pagalimoto ya kuntchito kwawo. Kumeneko anati disolo silingapulumuke, analichotsa n'kusoka chikope. Ine ndinalira poganiza kuti basi watha ntchito. Koma bala litapola ananenepa, anayambanso kusewera, ndipo makoswe akugwirabe ndi diso limodzi lomwelo. Ndikunena izi pazifukwa ziwiri. ANaMwale pitani lisanafike pamenepo. Ndipo wina akauzidwa kuti diso lichotsedwe asakane poopa, chifukwa chimene chimamuzunza mphaka ndi ululu, osati kusowa kwa disolo.

NaMwale, Chankhanga:
Zikomo Make Yankho, mwandilimbitsa mtima. Ndapita ku ofesi ya zaziweto masana ano. Andilandira bwino, amuona, nawonso akuti akuganizira chilonda ndipo andilangiza kupita kwa dokotala wa agalu ndi amphaka ku Lilongwe. Tsono ndipite kuti kwenikweni? Alipo katswiri wa maso okhaokha?

Mphatso wa ku Bunda:
Madokotala a ziweto amene anaphunzira za maso okhaokha amapezeka m'zipatala zikuluzikulu monga cha Onderstepoort, cha University of Pretoria ku South Africa. Koma musataye mtima, zimene Mawanga akufunika panopa dokotala wa ziweto zazing'ono amazichita. Ku Lilongwe kuli LSPCA, bungwe losamalira nyama limene linayamba mu 2008 ndipo lili ndi kiliniki, kulinso makiliniki ena oima paokha. Imbani foni musananyamuke, mufunse zinthu zitatu: ngati dokotala alipo tsiku limenelo, ngati ali ndi fluorescein, ndi mtengo wa kuonana ndi dokotala kuti mukonzekere.

Fluorescein ndi kapepala kokhala ndi utoto wa olenji. Amakanyowetsa n'kukhudzitsa padiso, kenaka amatsuka n'kuunika ndi tochi ya buluu m'chipinda chamdima. Pamene pali chilonda pamawala mobiriwira, pabwinobwino utotowo sugwira. Sizipweteka ndipo sizitenga mphindi zambiri. Amadonthezanso mankhwala ochititsa dzanzi kuti ayang'ane kuseri kwa chikope chachitatu. Ngati ali ndi kachida koyezera kuthinana kwa madzi a m'diso amayezanso, chifukwa matenda a m'kati mwa diso nawo amalichititsa mbuu. Zikakhala zovuta, dokotala amatha kujambula n'kutumizira anzake akatswiri akunja kuti amuunikire. Mutenge machubu onse amene munagwiritsapo ntchito ndi kabotolo kaja, akaone. Ndipo m'mawa wa ulendo musamupake kanthu, akalione diso mmene lilili. Mufunsenso pafonipo ngati adye kapena ayi, chifukwa akafuna kumugoneka amafuna m'mimba muli mopanda kanthu.

Achimwene a Minibasi:
Amayi, ine ndimayenda msewu wa M1 umenewu tsiku ndi tsiku. Ndi makilomita pafupifupi 130, koma ndi kuima pa Madisi, pa Mponela ndi pa Lumbadzi ulendo umatalika. Musamuike m'thumba la saka chonde, ndinaonapo wina atafika naye ali lilime panja. Katoni nayo akaikodzera imafewa ndipo amaiboola. Pezani basiketi ya pulasitiki yokhala ndi chivundikiro, ija ya mabowo, mumange ndi chingwe kapena waya, pansi muyale kansalu kamene amagonera, pamwamba mufunditse chitenje chopepuka. Kwerani yoyamba ya m'mamawa kusanatenthe, mukhale pawindo, basiketi pamiyendo osati kubuti. Ndipo musatsegule panjira ngakhale alire bwanji. Akadumpha pa Mponela simudzamuonanso.

Agogo aNaBanda, Mtunthama:
Koma mwana wanga ukafunditse bwino. Anthu akaona mayi wanyamula mphaka m'minibasi amayamba zonena, mukudziwa kale za kwathu kuno.

NaMwale, Chankhanga:
Ndamva agogo, ndifunditsa. Koma wondifunsa ndidzamuuza zoona, kuti ndi wodwala ndikupita naye kuchipatala. Zoti mphaka ndi wa afiti n'zimene zimachititsa kuti ana aziwagenda, ndipo ena mwa maso otuwawa amayamba ndi mwala.

aPhiri Alangizi, Chulu:
Muyende bwino mayi, mudzatiuze.

NaMwale, Chankhanga:
Abale ndabwerako, ndafika usiku ndiye ndimati ndilembe m'mawa uno. Dokotala anali mayi wachitsikana, wodekha. Anamukulunga Mawanga m'thaulo mutu wokha uli kunja, anathira utoto uja, n'kuzimitsa magetsi. Atayatsa katochi anandiitana kuti ndidzaone ndekha. Pakati pa diso panawala chobiriwira, chachikulu ndithu, m'mbali mwake muli timizere tanthambinthambi. Anati timizere timeneto n'chizindikiro cha herpes ija anatiuza Mphatso. Kenaka anakoka chikope chapansi n'kundionetsa mmene chapindikira m'kati, ubweya wonyowa utagona padiso penipeni. Mwamwayi chilonda sichinazame. Magazi anayeza, FIV ndi FeLV alibe.

Andipatsa mankhwala odontheza opha mabakiteriya oti ndizithira kanayi patsiku, mafuta ofewetsa diso, mankhwala a ululu a masiku ochepa, ndi kolala ya pulasitiki yomutchinga kuti asadzikande. Anandilemberanso mapiritsi olimbana ndi vairasi otchedwa famciclovir, ndinachita kuzungulira mafamase angapo ndisanawapeze, ndipo ndi amene adya ndalama zambiri. Akuti ndibwerere pakatha sabata akathirenso utoto. Ululu ukatha chikope chikhoza kubwerera chokha, chikapanda kutero adzachita opaleshoni yaing'ono yochikoka, ndipo adzamufula tsiku lomwelo kuti asiye ndewu. Kabotolo kaja atakaona anapukusa mutu, anati kakanalowa m'diso limeneli bwenzi tikukamba zina. Anandiuzanso mosabisa kuti vairasiyo siidzatheratu, idzayesanso kubwera, koma ndikadzaona akuyamba kutsinzina ndisadikire.

Make Yankho, Wimbe:
Ambuye alemekezeke. Kolalayo musamuvule pomumvera chisoni, masiku oyamba amagunda nayo zitseko koma amazolowera. Mbale ya chakudya muziikweza pang'ono kuti azifikira.

Mphatso wa ku Bunda:
Ndasangalala amayi. Pothira, mukulungeni m'chitenje monga anachitira dokotala, mumuike pamiyendo atakufulatirani, mukweze chibwano, dontho ligwe kuchokera pamwamba, kamwa ya botolo isakhudze diso. Yambani ndi odontheza, dikirani mphindi 5 kapena 10, mafuta pambuyo, chifukwa mukayamba ndi mafuta dontho limangotsetsereka. Piritsi lililonse muzitsatiza ndi timadzi pang'ono kapena chakudya. Izi n'zofunika kwambiri kwa amene adzapatsidwe doxycycline, chifukwa likakakamira kummero kwa mphaka limaotcha mpaka mmero kuchepa. Ndipo ngakhale diso liyere mawa, tsiku lobwerera lija musaliphonye. Chilonda chimatha kuoneka chopola chisanatseke.

Bambo a Chisomo, Santhe:
Mayi mwachita bwino, ndaona chithunzi cha chobiriwiracho, sindikanaganiza kuti m'diso muli bala lotere. Tsono ndili ndi funso langa. Tiana tija ndimakuuzani, tili ndi masiku ngati khumi. Tiwiri tatsegula maso, koma kamodzi diso latupa ngati muli madzi, chikope chikadali chomata, pakona pakutuluka mafinya. Ndichite bwanji?

aPhiri Alangizi, Chulu:
Bambo, kameneko musakagoneke nako. Ana amphaka amatsegula maso pakati pa masiku 7 ndi 14, koma mafinya akaunjikana m'kati chikope chisanatseguke amaononga diso msanga. Nyowetsani thonje m'madzi ofunda a mchere aja, muike pachikope mphindi zingapo, mubwereze mpaka zouma zija zifewe. Kenaka kokani zikope pang'onopang'ono ndi zala zosamba, kuyambira kumbali ya mphuno. Osagwiritsa ntchito lezala, singano kapena chikhadabo. Chikatseguka mafinya atuluka, tsukani, ndipo alangizi a kwanuko akupatseni tetracycline wa m'maso muzipaka katatu patsiku. Chikakana kutseguka lero, mawa m'mawa mupite nako kwa alangizi. Muyang'anenso mayi wake ngati akuyetsemula.

Mphatso wa ku Bunda:
Ndipo tikafika milungu 8 kapena 9 pali katemera wa chimfine cha amphaka, amabwereza pakatha milungu 3 kapena 4. Sachotsa vairasi kwa amene ali nayo kale, koma amachepetsa kudwala kwambiri. Wa chiwewe ndi pa miyezi 3. Musatigawe tisanasiye kuyetsemula ngati tayamba.

Bambo a Chisomo, Santhe:
Mayi wake akuyetsemuladi. Ndayika madzi pamoto. ANaMwale, mukamabwerera ku Lilongwe sabata yamawa mundifunsireko mtengo wa katemera ameneyu, komanso ngati angalole kuti wina amutenge m'kabokosi ka ayezi adzabayire konkuno, tikasonkhana angapo.

NaMwale, Chankhanga:
Ndikafunsa bambo. Amene muli ndi tiana ta amphaka ndipo mukufuna, lembani maina ndi dera lanu pansipa lisanafike Lachitatu kuti ndikanene chiwerengero. Kanga kakakazi kaja ndikuyamba nako.

Chikondi wa pa Chinkhoma:
Ndilembeni tiwiri, Chinkhoma.